Tsiku Limene Osewera a Kaphande Anakumba Manda

A Timoteyo Kanyinji anabadwa pa 12 Novembala 1963 m'mudzi wa Kaphande, kudera la Dambe m'boma la Mchinji. Sukulu anailekezera mu Sitandade 6, chaka chimene bambo awo anamwalira. Atakwanitsa zaka 18 anawoloka malire, monga ankachitira anyamata ambiri a kumeneko, kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Zambia. Anabwerako patapita zaka zinayi ali ndi njinga, wailesi ndi mbiri yoti pa mpira munthu sawadutsa. Pa 16 Ogasiti 1986 anamanga ukwati ndi Felista, mtsikana wa ku Ludzi, n'kumutengera ku Kaphande pa chitengwa. Mpira anausiya mu 1989 atathyoka bondo pa masewero a pakati pa midzi, ndipo kuyambira pamenepo amayenda mokoka mwendo wamanzere.

Mu 1992 ampingo anatsegula koleji ya ntchito zamanja pamalo amene kale panali esiteti, moyandikana ndi mudziwo. Ankaphunzitsapo ukalipentala, kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka. A Timoteyo anayamba ntchito pakolejipo Lolemba pa 7 Febuluwale 1994, ngati wosesa ndi wotchetcha. Bwalo la mpira panalibe. Panali munda wakale wa fodya umene mizere yake inali isanafafanizike, ndipo ophunzira ankathamangitsana ndi mpira pamenepo uku akupunthwa. Palibe amene anawatuma a Timoteyo kuti ausalaze. Anangoyamba okha ndi khasu akaweruka, mzere umodzi lero, wina mawa, mpaka nyengo ziwiri za dzinja zinadutsa. Mkulu wa koleji wa nthawi imeneyo ataona, anangonena kuti basi, bwaloli ndi lanu.

Linakhaladi lawo. Ankadziwa pamene madzi amadikha mvula ikagwa, pamene mfuko zimakonda kufumbula, ndi pamene chiswe chimabwerera chaka chilichonse ngakhale uchifukule bwanji. Miyeso ya bwalo anaisunga pa chingwe cha khonje chimene anachimanga mfundo. Mizere ankailemba ndi laimu wosakaniza ndi phulusa, akumuwaza ndi dzanja kuchokera m'chitini, ataweramira pansi, ndipo ntchito imeneyi inkawatengera maola atatu. Sankalola munthu kuwathandiza. Ankati dzanja la wina limanjenjemera.

Chimene bwalolo linali lisanaonepo ndi chikho. Timu ya Kaphande inkasewera mu ligi ya makoleji asanu ndi atatu a m'chigawo chapakati, ndipo kawiri konse inafika pafupi. Pa 14 Okutobala 2006 inagonja pa masewero otsiriza ndi chigoli cha m'mphindi zomaliza. Pa 7 Novembala 2015 inkangofunika kulepherana mphamvu ndi anzawo, koma inamwetsedwa zitatu. Masiku onse awiriwo a Timoteyo anapita kunyumba osayankhula, ndipo mayi Felista ankadziwa kuti si tsiku lofunsa za feteleza.

Pa 3 Epulo 2023 anawaitana ku ofesi n'kuwapatsa kalata yoti pakutha pa Novembala adzapuma pa ntchito, popeza adzakhala atakwanitsa zaka 60. Anaipinda kalatayo n'kuiika m'thumba, ndipo anapita kukadzaza maenje kutsogolo kwa golo. Ligi ya chaka chimenecho inali yawo yomaliza.

Inayamba Loweruka pa 20 Meyi, ndipo aliyense anaona msanga kuti timuyi si ya masiku onse. Mphunzitsi wake anali a Elias Chikuse, a ku Zomba, amene m'kalasi ankaphunzitsa zomangamanga, munthu wosayenda popanda wotchi m'khosi. Pagolo panali Hamidu, mwana wa mwini sitolo wa pa boma, wamtali ndi wofatsa, yemwenso anali kaputeni. Kutsogolo kunali Mayamiko, mnyamata wa mumzinda wa Lilongwe, wapakamwa kwambiri, amene ankamwetsa zigoli ngati akuseweretsa. Anapambana masewero asanu oyamba motsatizana. Pa 8 Julaye anakagonja 2 kwa 1 kwa koleji ya aphunzitsi ya ku Nsaru, ndipo sanagonjenso. Pofika pakati pa Okutobala anali atapambana kasanu ndi kanayi, n'kulepherana mphamvu katatu. Anali ndi mapointi 30, a ku Nsaru 31, ndipo masewero otsiriza anali a matimu awiri omwewa, pa bwalo la Kaphande, Loweruka pa 21 Okutobala, 3 koloko masana. Kaphande inkayenera kupambana basi. Kulepherana kukanapereka chikho kwa alendo.

Lachinayi pa 19 Okutobala, chakumasana, m'mudzi munamveka kulira. Anali atamwalira a Wilson, mkulu wa zaka 81, amene nyumba yawo inali yachitatu kuchokera pa mpanda wa koleji. Dzuwa lisanalowe masamba anali atayalidwa kale pamsewu, mbali zonse ziwiri za mudzi, ndipo okwera njinga ankatsika n'kumakankha. Mwana wamkazi wa malemuwo anali ku Chipata, ndipo sakanafika lisanakwane Lachisanu madzulo. Abale anagwirizana zoika maliro Loweruka.

Mkulu wa koleji anaimbira foni oyendetsa ligi kupempha kuti masewero asunthidwe. Anamuyankha kuti womwalirayo sanali wophunzira kapena wogwira ntchito pakoleji, choncho tsiku silisintha. Chimene akanachita n'kudikira mpaka 4 koloko, chifukwa kupitirira apo mdima ukanawapeza mpira usanathe. Ikakwana 4 koloko bwalo lisanakonzeke, mapointi atatu apita kwa alendo.

Lachisanu m'mawa a Elias anawapeza a Timoteyo atakhala pa chitini cha laimu chosatsegula. Anawafotokozera maganizo awo: mpira useweredwe mwakachetechete, popanda ng'oma kapena nyimbo, ndipo woyimbira apemphedwe kuliza wezulo pang'onopang'ono. A Timoteyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Aphunzitsi," anatero, "njira ya kumanda imadutsa kuseri kwa golo lakumadzulo lija. Mukufuna bokosi lizidutsa mpira uli m'mwamba? Ine ndine wa m'mudzi muno. Masamba ali pamsewu, laimu sindithira."

A Elias anawakumbutsa kuti palibe munthu amene wadikira chikho chimenechi kuposa iwowo. A Timoteyo anavomera kuti n'zoona, n'kunyamuka kupita kusiwa.

Kumeneko anakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna anzawo, ndipo patapita nthawi anasendera kwa a Kwacha, mng'ono wa malemu, amene ankayendetsa zonse. Anawafunsa kuti maliro atuluka nthawi yanji. A Kwacha anati akuluampingo ndi okonzeka ngakhale 12 koloko, bokosi lafika kale, koma nkhani ili kumanda. A Timoteyo ankaidziwa bwino nkhaniyo, pakuti nawonso anali mmodzi wa adzukulu, anthu okumba manda. M'mudzimo munatsala adzukulu asanu okha, wamng'ono mwa iwo wa zaka zopitirira 50. Anyamata onse anali kutsidya kwa malire, kuthirira nazale za fodya za eni minda. Dothi la kumanda a Kaphande ndi la nsangalabwi, ndipo mu Okutobala limauma ngati simenti. Pa maliro a mwezi wa Sepitembala manda anatha 5 koloko madzulo, anthu n'kubwerako mdima ukugwa. Kuyamba kukumba Lachisanu sikukanatheka, chifukwa ku Kaphande dzenje la manda siligona lili lotsegula. Limakumbidwa tsiku loika maliro.

A Timoteyo anafunsa ngati pangakhale choletsa atabwera ndi anyamata makumi awiri amphamvu zawo. A Kwacha anawayang'ana, n'kuyankha.

"Mukufuna mpira wanu, a Kanyinji."

"Ndikuufuna, achimwene, sindinganame pasiwa. Koma a Wilson nawonso ayenera kukagona dzuwa likadali pamutu, anthu ochokera kutali abwerere kukuwala."

A Kwacha anaitanitsa mkulu wa adzukulu. Iye anati chimene amadziwa n'choti wachibale sakumba manda a mbale wake. Zoti mlendo asakumbe sanazimvepo. Uthenga unapita kwa amfumu, ndipo sanakane. Pamapeto a Kwacha ananena mawu awo: akabwerako kumanda, anthu n'kusamba m'manja, iwo adzachotsa okha masamba pamsewu, ndipo za pabwalo sizidzakhalanso zokhudza maliro.

Kukoleji nkhaniyi sinalandiridwe ndi manja awiri. A Elias anati pa zaka zawo zonse za mpira sanamvepo timu yokonzekera masewero aakulu ndi piki ndi fosholo, ndipo miyendo ya anawo idzakhala italemera isanafike n'komwe pabwalo. Mayamiko ananena poyera kuti iye kumanda amangofika pamphepete, kulowa m'dzenje la munthu wina ayi, kwawo kuli anthu ake a ntchito imeneyo. Hamidu anamusiya amalize, kenako anati kwawo kwa Asilamu mwamuna aliyense amakumba, ndipo iye anayamba ali ndi zaka 15. Anati dzenje sililuma.

"Mdala Kanyinji watilembera mizere zaka zonsezi," anatero Hamidu. "Ine mawa 5 koloko ndili pageti. Amene akufuna kugona agone."

A Elias ataona kuti timu yapita kale, anaika malamulo awo awiri. Aliyense azikumba mphindi zisanu zokha n'kutuluka, ndipo goloboyi asakhudze chitsulo chilichonse, chifukwa manja ake ndi a timu yonse.

Loweruka kusanache bwino, osewera onse 22 anali pageti. Anatenga mapiki, mafosholo ndi migwala ya ku kalasi ya zomangamanga, n'kutsatira a Timoteyo pa kanjira kodutsa kuseri kwa golo. Pakhomo la manda anavula zipewa. Mkulu wa adzukulu anaika pansi bango limene anayezera bokosi, n'kulemba malire ndi khasu, n'kutema kaye yekha katatu. Kenako anapereka piki kwa mlendo woyamba.

Adzukulu ali ndi ufulu woseka pamene ena onse akulira, ndipo tsiku limenelo anapeza owaseka okwanira. Wina anafunsa ngati ku koleji amaphunzitsa kugwira piki ngati supuni. Mayamiko atalowa m'dzenje, fosholo yake yoyamba inabwerera yonse pamutu pake, ndipo mdzukulu wina wopanda mano anamufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene a m'tauni, tikukumba kapena tikukwirira?" Mayamiko anayankha kuti akuyeza kaye ngati dothilo ndi labwino, ndipo kuyambira pamenepo mantha anamuthera. A Elias anaima m'mphepete ndi wotchi yawo, akusintha anthu awiriawiri ngati ali pa masewero. Ophunzira zomangamanga sanapirire kuona khoma lopindika. Anatulutsa chingwe ndi kachitsulo koongolera khoma, n'kumasema m'mbali mpaka monse munaongoka. Mkulu wa adzukulu anasuzumira n'kunena kuti a Wilson pa moyo wawo wonse sanagonepo m'nyumba yoongoka chonchi.

Itangopitirira 9 koloko, dzenje litafika m'chiuno, piki inalira mosiyana. Anali atafika pa thanthwe. Awiri analowa n'kutuluka osachotsa kanthu, ena awiri chimodzimodzi. Mpini wa piki imodzi unathyoka. A Timoteyo analowa okha ndi mgwala, koma atamenya kangapo bondo lija linakana, ndipo anachita kuwakoka. Anakhala pa mulu wa dothi akupuma movutikira, akuyang'ana dzuwa limene linali litakwera kale pamwamba pa mitengo.

Hamidu anavula malaya n'kudumphira m'dzenje. A Elias anamuitana ndi dzina kawiri, iye osatembenuka. Sanamenye pakati pa mwala monga ankachitira anzake. Anagwada n'kumapapasa ndi zala mpaka anapeza mng'alu, anapempha madzi n'kuthira pamenepo, n'kuyamba kulowetsa mgwala pang'onopang'ono. Mphindi zisanu zinakwana, zinakwananso zina, ndipo a Elias anangoika wotchi m'thumba. Patatha pafupifupi theka la ola mwalawo unang'ambika pakati, anyamata anayi n'kuutulutsa ndi zingwe. Pansi pake panali dothi lofiira, lofewa. Hamidu atatuluka, matuza a m'manja mwake anali ataphulika kale.

Manda anatha nthawi ili 11:40. Uthenga utafika kusiwa, anthu ena sanakhulupirire. Mwambo wa mapemphero unayamba 12 koloko, ndipo bokosi linadutsa kuseri kwa golo bwalo lili zii. Osewera sanathawire kukapuma. Anaima kumbuyo kwa khamu mpaka nyimbo yomaliza, anathandiza kukwirira, ndipo nkhata zitaikidwa, nthawi ili 2:25, anabwerera kumudzi pamodzi ndi anthu onse kukasamba m'manja.

Alendo a ku Nsaru anali atafika kale. Anapeza masamba pamsewu ndi bwalo lopanda mzere ngakhale umodzi, ndipo anakhala m'basi yawo mwaulemu. Woyimbira ankayendayenda akuyang'ana wotchi. A Timoteyo anaima pageti la koleji, chitini cha laimu chili pamapazi awo, maso ali kumsewu. 3 koloko inadutsa. Itakwana 3:10 anaona a Kwacha akutuluka pakati pa nyumba. Anawerama, natola masamba aja limodzilimodzi, n'kuwaponya kutchire, kenako anakweza dzanja.

Panatsala mphindi 50 za ntchito ya maola atatu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1994, a Timoteyo analola anthu ena kugwira laimu. Adzukulu anayi aja anabwera osaitanidwa, dothi la kumanda likadali m'miyendo. Awiri anakoka chingwe, awiri anatenga mabeseni, ndipo a Timoteyo ankathamanga mokoka mwendo kuchoka ngodya ina kupita ina, akuloza mfundo ndi kukalipa. Mzere wa kumpoto unatuluka wokhota ngati njira ya mbuzi. Anauyang'ana, mtima unawawa, koma anausiya. Woyimbira anayendera bwalo lonse ndipo mpira unayamba nthawi ili 3:55.

Chigawo choyamba chinali chowawa kuonera. Miyendo ya Kaphande inalidi yolemera, monga ananenera a Elias, ndipo pa mphindi ya 18 alendo anagoletsa. Anthu anali atadzaza mbali zonse, ambiri akadali ndi zovala za kumaliro, koma palibe ankadziwa ngati n'kololeka kukuwa pa tsiku lotere. Ankangoonera chete. Popuma, Hamidu atavula magolovesi, mkati mwake munali magazi. Mtsikana wina wa kalasi ya zosoka anang'amba nsalu n'kumukulunga zikhatho.

Amene anathetsa batalo ndi mkulu wa adzukulu. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, anaima pa mzere wokhota uja, laimu ali mbuu m'manja, n'kufuula kuti, "Tiyeni adzukulu, mwalawo munauswa m'mawa!" Anthu anaseka, mayi wina analuluta, ndipo bwalo lonse linayamba kuimba dzina limenelo. Amayi amene ankatsuka mbale kusiwa anabwera akupukuta manja m'zitenje.

Pa mphindi ya 61 Kaphande inabweza chigoli ndi mutu kuchokera pa kona. Pa mphindi ya 78 woteteza kumbuyo wina, chifukwa cha kutopa, anagwetsa mlendo pafupi ndi golo, ndipo woyimbira analoza pa kadontho ka penate kamene a Timoteyo anathira ndi dzanja lawo. Iwo sanatseke maso. Anaona mpira ukupita kumanzere, pansi, ndipo anaona Hamidu akuugwera ndi manja okulungidwa aja n'kuukankhira kunja. Anadzuka atapinda zala ndi ululu, koma anakana kutuluka.

Patatsala mphindi zinayi, dzuwa litafiira kumalire, mpira wautali unadutsa pamwamba pa oteteza a ku Nsaru. Mayamiko, amene anali atangoyendayenda chigawo chonse ngati wodwala, anaupeza liwiro limene palibe ankadziwa kuti latsala. Anaugunda kamodzi ndi chifuwa, n'kuumenya ndi mwendo wamanzere usanagwe pansi. Ukonde unagwedezeka. Wezulo yomaliza inalira nthawi ili 5:44, Kaphande 2, Nsaru 1.

A Timoteyo sanathamangire m'bwalo monga anachitira ena onse. Anangokhala pansi pomwe anaimapo, pa laimu, misozi ikutsika osaipukuta. Osewera anawanyamula pomwepo n'kuzungulira nawo bwalo lonse, iwo akudandaula za bondo koma osapempha kutsitsidwa. Chikho chitaperekedwa kwa Hamidu, sanathe kuchigwira bwino ndi manja akewo, ndipo anachikweza awiri ndi a Timoteyo, wina atagwira khutu ili la chikhocho, wina linalo. A Elias, mawu atasasa ndi kukuwa, anauza mkulu wa koleji kuti chikhocho chikagone kaye kwa a Kanyinji, ku ofesi chidzapita Lolemba.

Anapuma pa ntchito Lachinayi pa 30 Novembala 2023, atagwira zaka 29 ndi miyezi isanu ndi inayi. Tsopano amalima soya ndi mtedza. Timuyo mpaka lero anthu amaitchula kuti Adzukulu, ndipo m'mudzi mukagwa maliro, koleji imatumiza ophunzira asanu ndi mmodzi m'mamawa ndi mapiki awo.

Koma Loweruka lija, a Timoteyo sanakhale nawo pa chisangalalo cha kukoleji. Anakasiya chikho m'manja mwa mayi Felista, amene anachiika patebulo n'kuchiyalira kansalu, uku akufunsa kuti buluku loyera laimu chonchi alichapa ndani. Anasintha zovala n'kubwerera kusiwa kusanade kwenikweni, pakuti abale a malemu anali akadali pomwepo. Anakhala pa mpando wawo wa dzulo pansi pa mango. Phokoso la pabwalo linali litamveka mudzi wonse, ndipo panalibe amene sankadziwa zotsatira. Komabe a Kwacha anakoka mpando wawo kufika pafupi, natsitsa mawu.

"Tatiuzani, a Kanyinji. Muyambire pa penate paja."

Amuna onse a pansi pa mtengowo anasendera, ndipo a Timoteyo anayamba kufotokoza.